Kumene mchere sauwaza ndi zala

Chiyambire Novembala 2000, sipanadutse tsiku popanda munthu wogona ndi kudzuka pa International Space Station, siteshoni imene imazungulira dziko pa mtunda wa makilomita pafupifupi 400 pamwamba pathu. Imathamanga makilomita pafupifupi 28,000 pa ola, moti m'mphindi 90 yazungulira dziko lonse. Okhalamo amaona dzuwa likutuluka ka 16 pa tsiku. Dzuwa lotere silingauze munthu nthawi ya nkhomaliro, choncho amatsata wotchi ya ku Greenwich, ku England. Amadzuka cha m'ma 6 koloko, n'kugwira ntchito zofufuza ndi kukonza makina, ndipo usiku aliyense amalowa m'thumba logonamo lomangirira kukhoma kuti asamayandame m'tulo.

Ntchito yanga ndi ya kadyedwe, ndipo chimene chimandikhudza kwambiri pa moyo wa anthu amenewa n'chakuti chakudya kumeneko chilipo chokwanira, koma kawirikawiri amadya moperewera ndipo amabwerera pansi atatsika sikelo.

Gwero lake lili m'thupi momwemo. Pansi pano mphamvu yokoka ya dziko imatsitsira magazi ndi madzi a m'thupi kumiyendo. Kumwambako zonse zimayandama, ndiye madziwo amakwera kumutu. Nkhope imatupa, miyendo imawonda, mphuno zimatsekeka. Fungo likapanda kufika bwino m'mphuno, ndiwo zimamveka zozizira ngakhale mchere ulimo. Masiku oyambirira ena amavutikanso ndi nseru. N'chifukwa chake botolo la tsabola silisowa patebulo lawo, ndipo ine tsabolayo ndimamuwerengera pamodzi ndi mankhwala, poti ndi amene amachititsa munthu kumaliza chakudya chake.

Mchere sauwaza ndi zala. Timibulu take tingauluke n'kulowa m'maso, m'mphuno kapena m'makina. Amausungunula m'madzi n'kumaudontheza, ndipo tsabola wakuda amamusakaniza ndi mafuta. Buledi naye ali ndi mlandu womwewo. Mu 1965 John Young, woyenda m'mlengalenga wa ku America, anabisa sangweji ya nyama ya ng'ombe m'thumba n'kukwera nayo chombo cha Gemini 3. Mnzake Gus Grissom atangoluma, nyenyeswa zinayamba kuyandama m'chombomo, ndipo nkhaniyo inakafika mpaka ku nyumba ya malamulo ya ku America. Mu 1985 Rodolfo Neri Vela wa ku Mexico anapita ndi tortilla, mkate wopyapyala umene suyoyoka, ndipo kuyambira pamenepo ndi umene unalowa m'malo mwa buledi.

Zinthu zasintha kwambiri kuchokera mu 1961, pamene Yuri Gagarin, munthu woyamba kupita m'mlengalenga, ankafinyira m'kamwa nyama yopera kuchokera m'chubu. Lero pali mpunga, nkhuku, nsomba, supu, mazira ndi zipatso. Zina zimabwera zophikaphika m'timatumba kapena m'zitini, zongofuna kutenthetsa. Zina n'zouma: amaziziziritsa kaye mpaka ziundane, kenako makina amakoka madzi onse. Nzeru yake ndi ya mfutso, kuchotsa madzi kuti ndiwo zisawole n'kudzawabwezera tsiku lophika. Wofuna kudya amabaya kathumba pa singano ya makina a madzi, amathira madzi otentha pa mlingo wolembedwa pakathumbapo, n'kukanyakanya ndi zala. Akadikira pang'ono amadula pakona ndi sizasi n'kulowetsa supuni. Chinyezi n'chimene chimagwira chakudyacho pasupuni. Supuniyo akaisiya osaimata patebulo, amakaipeza pa sefa ya mpweya.

Pa mafupa ndi pamene nkhani imakula. Fupa limalimba chifukwa chonyamula thupi. Likasiya kunyamula, thupi limayamba kuligumula, ndipo mafupa a m'chiuno ndi a msana amatha kutaya 1 mpaka 1.5 peresenti mwezi uliwonse. Kashiamu, amene amalimbitsa mafupa, akatuluka m'mafupamo amathera mumkodzo, ndipo mkodzo wodzaza kashiamu umabala miyala mu impso. Minofu nayo imafota. Choncho aliyense amachita masewera olimbitsa thupi pafupifupi maola awiri tsiku lililonse: kupalasa njinga, kukankha makina olemera, ndi kuthamanga pa lamba woyenda atamangidwa zingwe m'mapewa ndi m'chiuno kuti mapazi azigunda pansi. Koma masewera paokha sakwanira ngati munthu sakudya mokwanira. Kafukufuku wa pa siteshoniyi anaonetsa kuti amene ankadya mokwanira, kumwa vitamini D ndi kulimbikira makina olemera aja ndi amene mafupa awo anatetezeka bwino.

Vitamini D amachita kumwa wa mapiritsi chifukwa makoma a siteshoni amatchinga kuwala kwa dzuwa kumene khungu limapangira vitaminiyu. Mchere wambiri umawonjezera kashiamu wotayika mumkodzo, n'chifukwa chake NASA, nthambi ya boma la America yoona za maulendo a m'mlengalenga, inakonzanso zakudya zake zambiri kuti mchere uchepe. Apa okonza zakudya amapanikizika, poti lilime likufuna mchere pamene fupa likuukana. Ayironi, amene ife kuno timalimbikitsa amayi oyembekezera ndi ana, kumeneko amamupatsa mosamala, chifukwa maselo ofiira a magazi amachepa ndipo ayironi wotsala amaunjikana m'thupi.

Madzi ndi olemera kunyamula, choncho salola kuti atayike. Thukuta, chinyezi cha mpweya wopuma ndi mkodzo zimasefedwa n'kubwerera m'makina akumwa. Mu 2023 NASA inalengeza kuti yafika pobweza 98 peresenti ya madzi amenewa. Ena zimawanyansa akamva, koma madziwo amayezedwa nthawi zonse ndipo ndi aukhondo.

Zombo zonyamula katundu, monga Progress, Dragon ndi Cygnus, zikafika pamakhala chisangalalo, chifukwa zimabweretsa maapozi, malalanje ndi anyezi, zimene ziyenera kudyedwa msanga. Ulimi nawo unayambika. Mu Ogasiti 2015 Scott Kelly, Kjell Lindgren ndi Kimiya Yui anadya letesi wofiira wolimidwa momwemo, ndipo mu 2021 anakolola tsabola. Zokololazo n'zochepa, sizingakhutitse munthu, koma ndimaona kuti tsogolo lagona pamenepo.

Ulendo wa ku pulaneti ya Mars, kupita ndi kubwera, ungatenge zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo palibe chombo chimene chingawatsatire ndi malalanje. Chakudya chiyenera kupakidwa kale, mwina chisanafike n'komwe chaka chonyamuka, pamene mavitamini monga C ndi B1 amatha mphamvu chikakhalitsa, kukoma nakonso kumachepa. NASA ikufuna chakudya chotha kukhala zaka zisanu popanda firiji, pamene chambiri cha pa siteshoni pano chimakhala pakati pa chaka chimodzi ndi zaka zitatu.