Madiredi pakhomo la sukulu: momwe nkhani ya Marasta inafikira kukhoti

Pa 8 May 2023, khoti lalikulu ku Zomba linagamula kuti sukulu za boma zisamakanenso ana a chipembedzo cha Rastafari chifukwa cha tsitsi lawo. Woweruza milandu Zione Ntaba analamula Unduna wa Zamaphunziro kuti pofika pa 30 June chaka chomwecho ukhale utalembera sukulu zake zonse kuziuza zimenezi. Ambiri anangoti ndi nkhani ya madiredi, koma gwero lake ndi lakale ndithu.

Nthawi ya ulamuliro wa chipani chimodzi, boma la Dr Kamuzu Banda linkalowerera ngakhale pa maonekedwe a munthu. Lamulo la kavalidwe la 1973 linaletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi, ndipo abambo sankaloledwa kusunga tsitsi lalitali. Alendo ena ankametedwa akangofika pachipata cholowera m'dziko muno. Pa chipembedzo zinthu zinali zoopsa kuposa pamenepa. A Mboni za Yehova analetsedwa mu 1967, makamaka chifukwa chokana kugula makadi a chipani. Mu 1972 anazunzidwa koopsa, nyumba zawo kutenthedwa, ndipo masauzande anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Nthawi imeneyo kunalibe koti munthu akadandaule n'kuyembekezera kuti woweruza atsutsana ndi boma.

Riferendamu ya June 1993 itachitika, chiletso cha a Mboni chinachotsedwa, malamulo a kavalidwe nawo anathetsedwa. Malamulo oyendetsera dziko a 1994 anabwera ndi gawo 33, lonena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wa chikumbumtima, chipembedzo ndi chikhulupiriro. Gawo 25 likupereka ufulu wa maphunziro, gawo 20 likuletsa tsankho, pomwe gawo 5 likunena kuti lamulo kapena mchitidwe uliwonse wotsutsana ndi malamulo akuluwa ndi wopanda mphamvu.

Papepala zonse zinali bwino. Kusukulu n'kumene kunatsalira. Lamulo lakale linafa, koma maganizo akuti mwana waukhondo ndi wometa mpala anakhalabe m'mitu ya aphunzitsi aakulu ndi akuluakulu a unduna. Mwana wa Mrasta ankauzidwa kuti ayambe wameta, ndiye adzalembedwe. Kwa makolo ake kumeta si nkhani ya fasho, chifukwa amatsatira lumbiro la Mnaziri la pa Numeri 6, loti lumo lisapite pamutu. Amene anali ndi ndalama ankatumiza ana kusukulu zolipira. Osauka, amene ndi ochuluka, ankasankha pakati pa chikhulupiriro ndi kalasi, m'dziko lomwelo limene linayambitsa maphunziro aulere a pulayimale mu 1994. Izi zinapitirira zaka zoposa makumi awiri, maboma akusinthana, popanda wozitenga ngati vuto lake.

Mlandu unayamba ndi ana awiri: wina anasankhidwa kupita ku Malindi Secondary School ku Zomba, wina anakanidwa ku Blantyre Girls Primary School. Mabungwe omenyera ufulu wa anthu a Centre for Human Rights Education, Advice and Assistance (CHREAA), Southern Africa Litigation Centre ndi Women Lawyers Association anathandiza kuti nkhaniyi imveke. Mu January 2020 khoti linapereka chiletso choti ana a Marasta azilandiridwa podikira chigamulo, ndipo chigamulocho chinatenganso zaka zitatu. Kwa wamkulu zaka zitatu si kanthu kwenikweni, koma kwa mwana wa Fomu 1 ndi pafupifupi sekondale yonse. 

Taonani momwe inayendera nkhani ya hijabu. Mu November 2019 kunabuka ziwawa ku Mmanga m'boma la Balaka, atsikana achisilamu atabwezedwa pasukulu ya mpingo wa Anglican. Anthu anavulala, katundu anawonongeka, sukulu zinatsekedwa. Bungwe la Public Affairs Committee linakhazika pansi atsogoleri a mbali zonse, ndipo mu 2021 anasainirana mgwirizano wolola atsikanawo kuvala hijabu yofanana mtundu ndi yunifolomu. Asilamu ndi ochuluka, mipingo nayo ili ndi sukulu zambirimbiri, ndiye aliyense anali ndi chifukwa chofunira kukambirana msanga.

Marasta analibe mphamvu yotereyi. Ndi ochepa, mavoti awo saopsa wandale aliyense, ndipo anthu ambiri akamva dzina lawo amangoganiza za chamba. Anaguba m'misewu, anapereka zikalata za madandaulo kwa akuluakulu a boma, koma pakhomo la sukulu panatseguka pokhapokha woweruza atanena kuti kukana mwana chifukwa cha madiredi n'kuphwanya ufulu wake wa maphunziro ndi wa chipembedzo, komanso ndi tsankho.