Nsomba za kuno sizichokera ku Nyanja ya Malawi

Pa madoko a ku Chiromo ndi Bangula mawu awa ndi akale: "Nsomba sizingathe, Shire amabweretsa zina kuchokera ku nyanja." Sichoncho.

Pakati pa Matope ndi Chikwawa mtsinjewu umadutsa m'mathithi, monga a Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mathithiwa ndiwo malire. Kumunsi kwake nsomba ndi za mtundu wa ku Zambezi, n'chifukwa chake mcheni wa mano akuthwa uja (tigerfish pa Chingerezi) umapezeka kuno koma sukwera kupitirira Kapichira. Mphende zomwe ena amagulitsa pa dzina la chambo si chambo cha ku Mangochi ayi.

Ndiye zimachokera kuti? Konkuno, ku Dambo la Njovu ndi la Ndindi. Madzi akasefukira nthawi ya dzinja, mlamba umakwera kukaikira mazira m'maudzu omira. Mphende yaikazi imasunga mazira ndi tiana m'kamwa. Mukaigwira nyengo imeneyi, itsegulani kukamwa muone tinsomba tikutuluka. Timeneto ndiye ndiwo za chaka chamawa.

Apa m'pamene neti ya udzudzu imaonongera zinthu. Imakokolola chilichonse, ngakhale kachepa ngati njere ya mpunga, n'kukauma pa mchenga. Kuphera nsomba netiyi n'koletsedwa, chimodzimodzi kuthira mankhwala m'madzi. Lamulo la usodzi la 1997 linapatsanso mpata anthu a m'midzi kuti aziyang'anira madoko awo limodzi ndi Dipatimenti ya Usodzi. Dambo la Njovu linalowa m'ndandanda wa Ramsar, wa madambo ofunika kwambiri pa dziko lonse lapansi, mu 2017.