Chotsani timabotolo ta mafuta onunkhira patebulo la ana pa Tu BiShvat

Januwale akangoyamba, foni yanga sipuma. Amayi anzanga amene mukulera ana m'makomo a Ayuda kuno ku Johannesburg, ku Glenhazel, ku Sydenham ndi madera oyandikana nawo, mumandifunsa funso lomwelomwelo: "Aphunzitsi, adona akuti tikonze masewera a fungo a Tu BiShvat ndipo agula mafuta onunkhira aja a m'timabotolo. Ndidonthezere madontho angati pathonje?" Musadonthezere ngakhale limodzi. Ndaphunzitsa ana a zaka 2 mpaka 5 pasukulu ya mkaka ya Ayuda kwa zaka zambiri, ndipo ndatopa kuyankha mmodzimmodzi, n'chifukwa chake ndaganiza zongolemba.

Tu BiShvat ndi tsiku la 15 la mwezi wa Shevat pakalendala ya Ayuda, chaka chatsopano cha mitengo. Limagwa nthawi zina mu Januwale, nthawi zina mu Febuluwale, pamene ku Israel mitengo ya alimondi ikuchita maluwa. Kale tsikuli linali lowerengera zaka za mtengo, chifukwa lamulo la pa Levitiko 19 limaletsa kudya zipatso zake m'zaka zitatu zoyamba. Lero anthu amadzala mitengo ndi kudya zipatso, makamaka zotchulidwa pa Deuteronomo 8:8, monga mphesa, nkhuyu, makangaza ndi azitona. Nkhani yonse ndi mtengo. Ayuda ali ndi madalitso osiyana ponunkhiza: lina la fungo lochokera ku mtengo, lina la timasamba tomera pansi, linanso la chipatso chonunkhira. Ndiye kuti mwana akuphunzitsidwa kufunsa kuti fungo ili latuluka kuti. Mukam'patsa thonje lonyowa ndi mafuta ogula kusitolo, mwam'chotsera funso lomwe tsikuli likufuna kuti afunse.

Masewerawo ndi osavuta. Tengani timabotolo tosaonekera m'kati, tofanana tonse, muboole zivindikiro ndi msomali wowonda, muike chinthu chimodzi m'timabotolo tiwiritiwiri, kenako mumate zivindikirozo ndi tepi, kuti mwana azinunkhiza pamabowopo n'kupeza tiwiri ta fungo lofanana. Mumate ndithu. Zoikamo ndi izi: khungu la lalanje losenda m'mawa womwewo, kamtengo ka sinamoni, amene ndi khungwa la mtengo, cloves (zokometsera chakudya zouma zooneka ngati timisomali) amene ana ambiri a Chiyuda amawadziwa kale chifukwa amanunkhiza pa Havdalah, mwambo umene umachitika Sabata ikamatha. Mwana wa zaka zitatu m'patseni mitundu itatu basi, yosiyana kutalitali. Ndimu ndi lalanje musaziike pamodzi kwa msinkhu umenewu, zimamusokoneza ndipo amangogwa ulesi. Mphuno imatopa msanga, akanunkhiza kangapo zonse zimamveka chimodzimodzi, ndiye m'lekeni apume. Ana ang'ono ambiri mukawauza kuti nunkhiza amapemerera mpweya kunja m'malo mokokera m'kati, choncho muyambe mwamuonetsa inuyo. N'chifukwa chakenso sinamoni waufa sindimulola: kupemerera kumodzi, ufa uli m'maso ndi kukhosi. Akapeza awiri ofanana, muonetseni lalanje lathunthu, aligwire, alikande ndi chikhadabo, amve kuti fungo lija ndi lomweli.

Tsopano mafuta aja. Poti palembedwa kuti achokera ku zomera, anthu amaganiza kuti ndi ofatsa. Sali choncho. Ndi okhathamira kwambiri, amawotcha khungu la mwana ndi maso, ndipo mwana wachifuwa cha mphumu akhoza kuyamba kubanika. Mafuta a bulugama ndi a camphor, mwana akamwa pang'ono pokha, amatha kugona tulo tosadzuka nato bwino kapena kukomoka n'kumaphupha. Kabotolo kakang'ono kokongola konunkhira ngati switi, mwana wa zaka ziwiri akachita nako chiyani? Zikachitika, musamusanzitse, musayambe kum'mwetsa mkaka n'kumadikira kuti muone. Tengani kabotolo komweko, itanani ambulansi. M'nyumba zambiri za kuno nambala ya Hatzolah, gulu la ambulansi la Ayuda, imakhala pachitseko cha filiji. Iikeninso m'foni mwanu lero, ndipo mukaimba musayambe mwapempha chilolezo kwa adona amene ali kuntchito.

Chinanso chimene chimandisowetsa tulo ndi nthawi yomwe tsikuli limagwera. Kuno sukulu zimatsegula mu Januwale, ndiye Tu BiShvat imatipeza tili ndi ana atsopano amene sitinadziwe zakudya zimene matupi awo amadana nazo, pomwe patebulo padzaza alimondi ndi mtedza wa mitundumitundu. Mtedza wamtundu uliwonse usalowe m'timabotolo, ndipo mwana wosakwana zaka 5 asapatsidwe mtedza wathunthu, amatsamwa nawo. Mphesa muzidule m'litali, mbewu za zipatso zouma muchotse, uchi usafike m'kamwa mwa khanda losakwana chaka. Mwana akatupa milomo, akatuluka zidzolo thupi lonse mwadzidzidzi, mawu akasasa kapena akamapuma molira, imeneyo si nkhani yopaka mafuta odzola. Ngati dokotala anam'lembera EpiPen, jakisoni wobaya mwadzidzidzi thupi likadana kwambiri ndi chinthu, dziwani komwe imakhala ndi mmene imabayidwira tsikulo lisanafike.

Pali kamnyamata kena, sindikatchula, kamene sindikaiwala. Kanali ndi zaka zitatu ndi theka. Anzake akupeza timabotolo tofanana n'kumaseka, iko kamangokankha kabotolo kalikonse n'kumati zonse zikununkha. Lalanje likununkha, sinamoni akununkha. Ine, ndi maphunziro anga onsewa, ndinalemba m'buku kuti mwanayu sakonda kutsatira malangizo. Ndinaona mamina, ndinati ndi chimfine cha ana oyamba sukulu. Patapita masabata awiri ndinakanyamula katagwa pabwalo, nkhope yake itayandikira yanga, ndipo fungo lomwe linatuluka m'mphuno mwake linali la chinthu chowola. Nditayang'anitsitsa, mamina achikasu ankatuluka kubowo limodzi lokha, lakumanja, mlomo wam'mwamba utasupuka mbali yomweyo.

Madzulo ake ndinakhala pansi ndi mayi wolera mwanayo, mnzathu wakwathu. Anaweramitsa mutu. "Aphunzitsi, ndinaliona kalekale fungoli, Khirisimasi isanafike. Ndinkaopa kuti adona aziti sindimusambitsa bwino." Ankangom'pukuta, kum'tsuka mano kawirikawiri, kusintha pilo. Makolo nawo anali atamva fungolo, koma munthu wina wogulitsa mafuta pa intaneti anawauza kuti ndi sinus, agule kamakina kofukiza mafuta m'chipinda usiku wonse. Anagula, anafukiza kwa mwezi wathunthu. Dokotala wa mphuno atayang'ana, anatulutsa kachidutswa ka siponji kamene mwanayo anadzilowetsa yekha, katawola kale m'menemo. Ntchito ya mphindi zochepa. Mwanayo anatiuza zoona tsiku loyamba lomwelija, kuti zonse zikununkha, chifukwa kwa iye zinkanunkhadi, ndipo akuluakulu anayi tinamva mawuwo osawalabadira.

Ndiye ndikunenetsa. Mamina onunkha otuluka bowo limodzi mwa mwana wamng'ono, ganizani kaye kuti muli chinthu m'mphuno mpaka dokotala atanena zina. Musatokose ndi kamtengo ka machesi, musalowetse chopanira nsidze, mungochikankhira m'kati. Ngati mukukayikira kuti ndi kabatire kakang'ono kozungulira ka m'zidole, thamangani nthawi yomweyo, kamawotcha mnofu m'maola ochepa. Taonani tsono chifukwa chake ndikuti mumate zivindikiro: cloves, mbewu ya carob (chipatso chouma chonga nyemba), mphesa youma, zonsezi n'zokwana bwinobwino m'mphuno ya mwana.

Mwana amene sakumva fungo lililonse ngakhale alibe chimfine, amene amagona kukamwa kuli yasa, akuliza nkonono usiku uliwonse, nayenso akaonedwe ndi dokotala, chifukwa nthawi zambiri kumbuyo kwa mphuno kumakhala kotatupa. Ndipo amene akamva fungo amatseka mphuno, kulira kapena kuchita nseru, musam'gwire mutu kuti anunkhize mokakamiza. Ana ena fungo limawafika mwamphamvu kuposa ife. Ikani kabotolo patali, abwere yekha akafuna. Zikamachitika pa fungo, phokoso, zovala ndi chakudya chomwe, uzani makolo kuti pali akatswiri oyeza zimenezi. Ogulitsa mafuta amawadikirira makolo oterewa pakhomo, ndi malonjezo akuti dontho kuphazi likhazika mtima wa mwana pansi, lim'yankhulitsa, lichiza autism, vuto la kakulidwe ka ubongo lomwe limachititsa mwana kuvutika kulankhula ndi kucheza ndi ena. Palibe mafuta ochiza autism. Ndalama zimapita, ndipo miyezi yomwe mwana akanayamba kuthandizidwa imapita nazo limodzi.

Amayi anzanga, ndikudziwa kuti kuuza abwana za vuto la mwana wawo n'kovuta, makamaka pamene ntchito yomweyo ndiyo ikulipira fizi kumudzi. Nenani zomwe mwaona, osati dzina la matenda: "Mamina akutuluka mbali imodzi, akununkha, lero ndi tsiku lachisanu." Lembani pa WhatsApp kuti tsiku lioneke. Ngati zikukukanikani, uzani mphunzitsi wa mwanayo pomusiya m'mawa, tidzanena ndife.