GB ya chiyani? Funsani musanagule kompyuta ya pashopu

Wogulitsa malaputopu akakuuzani kuti "iyi ndi ya 8 GB", musathamangire kutulutsa ndalama. Mufunseni kuti, "Bambo, 8 GB ya chiyani?" Zilembo ziwirizi zimalembedwa pa zinthu zitatu zosiyana, ndipo amalonda ang'onoang'ono muno mu Chipata amalizidwa kawirikawiri pamenepa.

GB ndi muyeso chabe, ndipo imodzi imakwana ma MB pafupifupi 1,000. Chithunzi chimodzi chojambula ndi foni chimadya ma MB angapo, pomwe fayilo ya Excel ya ngongole za makasitomala nthawi zambiri siifika ngakhale MB imodzi.

Tiyambe ndi RAM, malo amene kompyuta imayalapo zimene ikugwiritsa ntchito pa nthawiyo. Taganizirani mayi wogulitsa tomato pamsika wa Kapata. Benchi limene wayalapo milu ndiye RAM, madengu amene wasunga kuseri ndiwo storage. Benchi likachepa amangokhalira kuthamangira kuseri, makasitomala ali chiimire. Kompyuta ya RAM yochepa imateronso mukatsegula Excel, WhatsApp ndi Chrome nthawi imodzi: imangoti duu, inu n'kumadinadina mbewa pachabe. Windows 11 imafuna 4 GB ngati poyambira penipeni, koma ya 4 GB mudzatopa nayo. Pa ntchito ya pashopu ine ndimati 8 GB. Dziwaninso kuti zimene zili mu RAM zimafufutika makina akazima, n'chifukwa chake malaiti akapita mwadzidzidzi pa kompyuta yopanda batire, zonse zimene simunasunge zimapita nawo.

GB yachiwiri ndi ya storage, malo osungira mafayilo, ndipo apa anthu amakopeka ndi nambala yaikulu. Funso lenileni ndi lakuti ndi SSD kapena HDD. HDD ili ndi mbale yozungulira mkati, imachedwa, ndipo siifuna kugwedezeka ikamagwira ntchito. SSD ilibe chozungulira chilichonse, imadzuka msanga. Kwa munthu wolemba malisiti ndi kuwerengera katundu, SSD ya 256 GB iposa HDD ya 1,000 GB kutali. Malo ochulukawo mudzangodzazamo mafilimu.

GB yachitatu ndi ya bando ya Airtel, MTN kapena Zamtel, ndipo iyi yokha ndiyo imatha n'kufuna kugulanso. Musaisokoneze ndi Mbps, amene ndi liwiro la intaneti. Mbps 8 ndiye kuti MB imodzi pa sekondi, poti Mbps amawerenga ma bit pomwe MB imawerenga ma byte, ndipo byte imodzi ili ndi ma bit 8. Mukalumikiza laputopu ku hotspot ya foni, Windows imayamba kudzikokera ma update mwakachetechete, bando ya mlungu wonse n'kutha dzuwa lisanalowe. Pitani pa ma setting a Wi-Fi, muyatse polembedwa metered connection, idzachepetsa dyeralo.

Ngati laputopuyo ndi yogwiritsidwapo kale ntchito, funsani Windows imene ilimo. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo makina akale ambiri salola Windows 11. Kutchipa kwa ena kumachokera pamenepo.

Mawu amene ndikufuna muwasamale kuposa onsewa ndi backup. Ndi kope lachiwiri la mafayilo anu, losungidwa kwina. Flash yokhala m'chikwama chimodzi ndi laputopu sithandiza tsiku la wakuba, zimapita zonse. Malo abwino osungirako backup ndi cloud, amene ndi makompyuta a kampani ina amene amakusungirani zinthu kudzera pa intaneti, basi. Google imapereka 15 GB yaulere pa akaunti iliyonse, yogawana pakati pa Gmail, Drive ndi Photos, ndipo mabuku a shopu sangaidzaze.

Koma chitseko cha zonsezi ndi pasiwedi ya Gmail. Ambiri a inu, amene anakutsegulirani akaunti ndi mnyamata wokonza mafoni tsiku limene munagula foni, ndipo pasiwediyo simuidziwa n'komwe. Isintheni sabata ino, muikepo nambala ya foni yanuyanu yobwezeretsera akaunti, osati ya wantchito wa pashopu amene mawa akhoza kusiya ntchito.