Makina a digito m'masabusiteshoni a magetsi: zimene anthu a ku Salima amafunsa

Mukamadutsa pa sabusiteshoni ya Nanjoka ku Salima, malo otsitsira mphamvu ya magetsi ndi kuwagawa, mumaona mpanda, mathiransifoma akuluakulu ndi nthambo zolowera ku Nkhotakota mpaka ku Chintheche. Koma sabusiteshoni ikamaikidwa makina a digito, zosinthazo simungazione muli pamsewu. Zimakhala m'kanyumba ka mkati mwa mpandamo.

Kodi amasintha chiyani kwenikweni?

Amasintha mlonda wa nthambo, kachipangizo kotchedwa relay. Magetsi amafika pasabusiteshoni ndi mphamvu ya mavoti 132,000, n'kutsitsidwa kufika pa 33,000 kapena 11,000, ndipo m'nyumba mwanu amalowa ali 230. Mphezi ikawomba nthambo kapena mtengo ukagwera pawaya, relay imalamula switchi yaikulu yotchedwa breaker kuti idule magetsi zinthu zisanapse. Ma relay akale ankayendera maginito ndi timasipuling'i. Atsopanowa ndi timakompyuta: amadula msanga munthu asanaphethire, amasunga mbiri ya zomwe zachitika, ndipo amatha kunena kuti vuto lili pa makilomita angati.

Nanga ife zimatipindulira chiyani?

Apa ndi pamene pagona nkhani. Waya ukaduka chakufupi ndi Benga, sipafunikanso kuti amisiri ayende pansi pa nthambo tsiku lonse kusakasaka. Amalunjika pomwepo. Chinanso, makinawa amadula chigawo chokhacho chomwe chavuta, moti chigayo cha pa Kamuzu Road chikhoza kumagayabe pamene kwina kwathima. Amene anatayapo chambo cha mufiriji ku Senga Bay akudziwa kusiyana kwa ola limodzi ndi usiku wonse.

Amayang'anira ndani?

Mainjiniya a ESCOM ku Blantyre amaona masabusiteshoni pakompyuta kudzera m'dongosolo lotchedwa SCADA, ndipo atha kutsegula kapena kutseka breaker ali komweko. Dongosololi linalimbikitsidwa ndi thandizo la boma la America kudzera ku bungwe la Millennium Challenge Corporation (MCC), lomwe linayenda kuyambira 2013 mpaka 2018.

Ndiye kuti kuzimazima kwa magetsi kutha?

Ayi, ndipo pasakhale wokunamizani. Makinawa sapanga magetsi. Namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo palibe relay imene ikanawabweza. Kumene amathandiza kwambiri kuno kwathu ndi kumagetsi a dzuwa. Malo a sola a kampani ya JCM ku Salima, a mamegawati 60, anatsegulidwa mu 2021, ndipo mphamvu yake imatsika mwadzidzidzi mtambo ukaphimba dzuwa. Zotere zimafuna makina oona msanga.

Magetsi akathima n'kuyakanso pakangopita timasekondi, chimakhala n'chiyani?

Ndi makinawo akuyesa okha ngati vuto lachoka, monga nthambi yomwe mwera wangoigunditsa pawaya. Ichi n'chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri, ndipo ndikupempha makolo auze ana: waya wogwa pansi ukhoza kubwerera moto popanda munthu aliyense kukhudza switchi. Musaugwire, musauchotse ndi ndodo, ngakhale mudzi wonse uli mumdima. Imani patali, bwezani ziweto, uzani a ESCOM.

Pa nthawi yoika makinawa tiyembekezere chiyani?

Magetsi amathimitsidwa dala kwa maola angapo kuti amisiri agwire ntchito bwinobwino, ndipo chidziwitso chimaperekedwa pasadakhale. Tsiku limenelo zulani firiji ndi TV kukhoma, mudzalumikizenso magetsi akakhazikika.