Funso la anyani lija, ndi zomwe klorokwini anatiphunzitsa

Lamulungu lapitali titaweruka ku tchalitchi, mkulu wa mpingo wina anandikokera pambali n'kundifunsa kuti adokotala, mwana wanga wa Fomu 4 akubwera ndi zoti anthufe tinachokera kwa anyani, inu munaphunzira, n'zoona zimenezi? Ndine clinical officer pa chipatala china chaching'ono konkuno ku Mchinji, ndinawayankha mothamanga tsiku lija koma funsolo landikhala mumtima sabata yonse nde ndati ndilembe bwinobwino.

Sayansi sinena kuti nyani anabereka munthu ayi. Imati ife ndi anyani akuluakulu aja monga chimpanzi tinachokera kwa kholo limodzi lakalekale, ngati mmene anthu a fuko limodzi amakhalira ndi gogo mmodzi koma aliyense n'kukula ndi nkhope yake. Mkangano weniweni uli pena. Mu 1802 m'busa wina wa ku England, William Paley, anati ukatola wotchi kutchire umadziwiratu kuti alipo anaipanga, nanga diso la munthu lomwe ndi lovuta kuposa wotchi? Masiku ano maganizo amenewa amawatcha intelligent design. Charles Darwin mu 1859 anabwera ndi yankho lina, kuti ana sabadwa ofanana, ena amapulumuka n'kubereka, ena ayi, ndipo pakadutsa mibadwo yambirimbiri mtundu umasinthika. Evolution nde imeneyo.

Ine zimenezi ndimaziona kuntchito osati m'buku mokha. Akuluakulu mukukumbukira klorokwini, wowawa uja ena ankayabwa naye thupi lonse. Anali mankhwala amphamvu a malungo, koma mwa tizilombo tambirimbiri m'magazi a anthu munali tina tochepa tomwe gene yake imodzi, kachidutswa ka malangizo omwe chamoyo chimatengera kwa makolo ake, inali itasintha moti mankhwalawo sankatipha, nde anthu akamamwa, tofooka tija tinkafa n'kutsala tolimbato n'kumaswana mpaka mankhwala anasiya kugwira ntchito, ana n'kumamwalira atamwa mankhwala. Mu 1993 Malawi linakhala dziko loyamba mu Africa kumusiya klorokwini n'kuyamba Fansidar. Chodabwitsa chinabwera pambuyo pake. Ku Blantyre ofufuza anapeza kuti tizilombo tolimba tija tinali 85 pa 100 alionse mu 1992, pofika 2000 tinatsika kufika pa 13, chifukwa kulimba kuja kuli ndi mtengo wake, popanda mankhwala tinkagonja kwa tinzake. Chonde musathamangire kukagula klorokwini, mankhwala athu kuyambira 2007 ndi LA, ndipo muzimaliza mapilitsi onse.

Ndisawalakwire a mbali inayo. Michael Behe, katswiri wa ku America yemwe amaikira kumbuyo intelligent design, nkhani ya klorokwiniyi amaivomereza, kungoti amati evolution imathera pa tizinthu tating'ono chonchi, singapange diso kapena selo, kachigawo kakang'onong'ono komwe kamapanga thupi la chamoyo. Apa ndi pomwe ndimasiyana naye. Za klorokwinizi zachitika m'moyo wa munthu mmodzi, pomwe zamoyo zakhala padziko zaka zoposa 3 biliyoni. Taonani m'Nyanja ya Malawi, mbuna, utaka, chambo, ncheni, mitundu yoposa 500 ya banja limodzi, yambiri sipezeka kwina kulikonse, ina imapala ndere pamiyala ina imasaka nsomba zinzake, ndipo DNA yake, momwe mumasungidwa zotengera kwa makolo, imaonetsa kuti ndi pachibale chapafupi kwambiri. Komanso ngati sitikudziwa lero mmene chinthu chinakhalira, kunena kuti basi chinachita kupangidwa sikundipatsa choti ndikayeze mu labu. Khoti lina ku Pennsylvania ku America mu 2005, pa mlandu wa zophunzitsa m'sukulu za m'dera la Dover, linagamulanso chimodzimodzi kuti intelligent design si sayansi.

Ineyo ndimapemphera ndipo sindinasiyepo. Mikroskopu imandionetsa mmene kachilombo kakusinthira, koma funso loti n'chifukwa chiyani tili ndi moyo ndimapita nalo kwa Mulungu, ndipo ngakhale Papa John Paul II mu 1996 ananena kuti evolution si nkhani yongoganizira chabe. Mkulu wa mpingo uja ndawauza kuti mwanayo asamukalipire, Loweruka abwere naye kuchipatala adzaone yekha kachilombo ka malungo pa silaidi.