London Knights sinayambe ndi ulemerero

Ambiri okonda hockey ya pa ayezi amaganiza kuti London Knights, timu ya achinyamata ya mumzinda wa London m'chigawo cha Ontario ku Canada, yakhala ikupambana kuyambira kalekale. Zimenezi si zoona. Timuyi inayamba mu 1965 ndi dzina loti London Nationals, ndipo inadikira zaka 40 kuti itenge chikho cha ligi yake. Chomvetsa chisoni kwambiri n'chakuti mu nyengo ya 1995-96 inapambana masewera 3 okha mwa 66. Zinthu zinasintha Dale Hunter ndi mng'ono wake Mark, omwe kale anali osewera hockey, ataigula mu 2000. Inatenga Memorial Cup, chikho chachikulu cha hockey ya achinyamata ku Canada, mu 2005 ndi 2016, inagonja kwa Saginaw Spirit mu ndime yomaliza ya 2024, kenako mu 2025 inagonjetsa Medicine Hat Tigers 4-1 n'kutenga chikhochi kachitatu.